Nambala za kulimba kwa fupa pa sikani ya CBCT zikamasemphana, tiyambire pati?

Vuto ili silitisowa ife ogwira ntchito ya mano kuno ku Mangochi. Wodwala akufuna dzino loikirira la implant, lomangidwa pa chitsulo chobzalidwa m'fupa la nsagwada, ndipo wabwera ndi fulashi m'thumba. Sikani ina ya CBCT, yomwe ndi X-ray yoonetsa nsagwada mbali zonse, anajambulitsa ali ku Joni, ina wajambulitsa mumzinda atabwerako. Mukatsegula zonse ziwiri pa laputopu n'kuloza malo amodzimodzi a nsagwada, tinene kuti yoyamba ikuti 900, yachiwiri ikuti 500, ndipo pambali pa nambala zonsezi pulogalamu yalemba HU, chidule cha Hounsfield Unit, muyeso womwe timaonera kulimba kwa fupa pa sikani. Mwini nsagwada akukuyang'anani, akufunsa kuti, "Adokotala, ndiye kuti fupa langa likutha?"

Nthawi zambiri fupa silinasinthe ngakhale pang'ono. Chasintha ndi makina, kakhalidwe ka mutu pojambula, kapena fayilo yomwe mwapatsidwa. Musanayankhe bamboyo, ndiponso musanamukwezenso minibasi ya ku Blantyre kuti akajambulitse kachitatu, pali zinthu zofunika kuzifufuza, ndipo zambiri mwa izo mungazione muli pampando wanu pomwepo.

Gwero la chisokonezo

Muyeso wa HU unachokera ku CT ya m'zipatala zikuluzikulu, ndipo umatchedwa ndi dzina la Godfrey Hounsfield, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack. Muyesowu uli ndi zikhomo ziwiri zosasuntha: madzi ndi 0, mpweya ndi −1000. Makina a CT amakonzedwa kuti azibwerera pa zikhomo zimenezi, n'chifukwa chake nambala ya chipatala china imafanana ndithu ndi ya chipatala chinanso.

CBCT ya mano inabwera ndi cholinga china. Makina oyamba otchuka, NewTom, anapangidwa ku Verona m'dziko la Italy ndipo anayamba kudziwika cha m'ma 1998, pomwe ku Japan nakonso ankapanga awo. Chomwe ankafuna ndi kuonetsa maonekedwe a fupa, kutalika ndi kuchindikala kwake, komanso pomwe padutsa mtsempha, pa mtengo wotsika ndi cheza cha X-ray chocheperako. Cheza chake chimatuluka chotambasuka, chimadutsa mutu wonse nthawi imodzi n'kugwera pa sensa yaikulu yafulati, makina akuzungulira kamodzi kokha. Poti cheza n'chotambasuka, chambiri chimamwazika mkati mwa mutu n'kukagwera pa sensa pamalo posayenera. Kompyuta siitha kusiyanitsa bwino cheza choongoka ndi chomwazika, choncho nambala yomwe imapereka pa kachigawo kalikonse imangonena kuti apa n'poyera kapena n'pakuda poyerekeza ndi malo ena m'chithunzi chomwecho. Kampani iliyonse ilinso ndi kawerengedwe kake. Mapulogalamu ambiri amalembabe HU pambali pa nambalayo, ndipo apa ndi pomwe timapusitsikira.

Zili ngati ndowa yoyezera usipa pa doko. Pa doko limodzi, ndi ndowa imodzi, mungadziwe kuti uyu wagwira zambiri kuposa uyo. Koma ndowa ya ku Msaka simungailembe m'buku ngati makilogalamu n'kukaifanizira ndi ya ku Malindi.

Tsono magulu a Misch ogawa fupa molingana ndi kulimba kwake, omwe ambiri tinawaloweza, akuti D1 ndi kupitirira 1250, D2 ndi 850 mpaka 1250, D3 ndi 350 mpaka 850, ndipo D4 ndi 150 mpaka 350. Nambala zimenezi n'za CT ya chipatala. Mukaziika pa sikani ya CBCT mosaganiza, 900 uja amusandutsa munthu D2, 500 amusandutsa D3, nsagwada ili imodzi.

Yambani ndi fayilo

Ichi n'chosavuta koma ndi chomwe chimatigwetsa kwambiri. Funsani kuti mwapatsidwa chiyani kwenikweni. Ngati ndi zithunzi zotumizidwa pa WhatsApp, kapena zomwe wina anajambula sikirini ndi foni, kapena PDF, musayeze kalikonse pamenepo. Chithunzi cha JPEG chimasunga milingo 256 yokha ya kuyera ndi kuda, pomwe fayilo ya makina imasunga masauzande. Kuwonjezera apo, wojambula anali atasintha kale kuwala kwa chithunzicho mmene iye anafunira. Pemphani mafayilo onse a DICOM, omwe ndi mafayilo enieni otuluka m'makina, foda yathunthu, osati tizidutswa tomwe wina wasankha.

Mukapeza DICOM, tsegulani pomwe palembedwa mbiri ya sikani. Muone dzina la makina, kV ndi mA (mphamvu ndi kuchuluka kwa cheza), kukula kwa voxel (kachigawo kakang'ono kwambiri ka chithunzi) ndi kukula kwa dera lomwe linajambulidwa, lomwe timalitchula kuti FOV. Chimodzi chokha mwa izi chikasiyana pakati pa sikani ziwiri, nambala zake si zofanizira, ndipo kafukufuku wanu akhoza kuthera pomwepo. Ngakhale fayilo imodzi yomweyo ikhoza kupereka nambala zosiyana pa mapulogalamu awiri, chifukwa ena amatembenuza nambala ndi masamu olembedwa mu DICOM, ena amangozionetsa mmene zilili.

Kenako chitani kayeso ka mphindi imodzi. Yezani mpweya wa kunja kwa nkhope kapena wa pammero, yezaninso mnofu wa lilime kapena wa tsaya. Pa CT yeniyeni mpweya umakhala pafupi ndi −1000, mnofu umakhala cha m'ma 40 mpaka 60, mafuta cha m'ma −100. Ngati sikani yanu ikuti mpweya ndi −700 kapena lilime ndi 200, mwadzionera nokha kuti HU yolembedwayo ndi dzina chabe.

Kayezedwe kanu nakonso kaunikeni. Kudina pa kadontho kamodzi si kuyeza. Tifupa ta ukonde ta mkati mwa nsagwada n'topyapyala kuposa voxel ya mamilimita 0.3 kapena 0.4, ndiye voxel imodzi imasakaniza fupa ndi mafuta a m'fupa n'kupereka nambala ya pakati. Mukasuntha mausi pang'ono chabe nambala imalumpha. Jambulani kadera kofanana ndi kukula kwa implant yomwe mukufuna kuika, musalowetsemo khoma lakunja la fupa, ndipo mubwereze pa magawo angapo a sikani kuyambira pamwamba kutsika pansi.

Makina amodzi, kumanzere ndi kumanja kukusiyana

Apa vuto limakhala malo omwe fupalo lili mkati mwa FOV. Chinthu chimodzimodzi chikaikidwa pakati pa dera lojambulidwa ndi m'mphepete mwake, CBCT imachipatsa nambala ziwiri. Kawirikawiri pakati pamaoneka pakuda kuposa m'mbali, chifukwa cheza chopita pakati chadutsa mnofu ndi mafupa ochuluka, ndiponso pamagwera cheza chomwazika chambiri.

Palinso chinthu china chomwe ambiri sitichiganizira. Mukasankha FOV yaing'ono, monga ya masentimita 5 ndi 5, mbali yotsala ya mutu sioneka m'chithunzi, koma cheza chimaidutsabe. Mafupa a khosi, nsagwada ya mbali inayo, mano omatidwa ndi chitsulo a kutsidya, zonsezi zimadya cheza, ndipo kompyuta imataya cholakwacho mkati mwa kadera kakang'ono komwe ikukuonetsani. Munthu wa khosi lalifupi ndi mapewa aakulu amavuta kwambiri pa nsagwada ya m'munsi.

Izi sizikutanthauza kuti muzikulitsa FOV pofuna nambala yabwino. FOV yaing'ono imachepetsa cheza kwa wodwala ndipo imaonetsa bwino timizere ta fupa, zomwe zili zofunika kuposa nambala. Chofunika n'chakuti malo a implant akhale pakati pa dera, mutu uwongoke, mapewa atsike, ndipo ngati mudzafune kufanizira miyezi ikubwerayi, sikani yachiwiri ichitike pa makina omwewo ndi makonzedwe omwewo.

Fupa lakuda pafupi ndi chitsulo

Ichi ndicho chimachititsa mantha kwambiri, chifukwa chimafanana ndi matenda. Pafupi ndi dzino lomatidwa ndi amalgam, korona wachitsulo, chitsulo cha mu muzu kapena implant yakale, mumaona mzere wakuda bii, nthawi zina ndi mikwingwirima yoyera yotuluka mbali zonse. Pakati pa ma implant awiri oyandikana fupa limatha kuoneka ngati ladyeka lonse.

Chimachitika n'chakuti cheza cha X-ray chili ndi mphamvu zosiyanasiyana. Chitsulo chimameza chofooka chonse n'kusiya champhamvu chokha, ndipo champhamvucho chimadutsa fupa la kuseri kwa chitsulo mosavuta. Kompyuta ikaona cheza chadutsa chambiri imaganiza kuti pamenepo palibe fupa lokwanira. Kuti mudziwe ngati ndi chinyengo cha makina, onani ngati mdimawo ukuyenda mzere woongoka kuchokera ku chitsulo, kapena kulumikiza zitsulo ziwiri. Fupa lodwala silidwala motsata mzere wa rula. Tsikaninso magawo angapo kupita komwe chitsulo chathera, ndipo mudzaona fupa likubwerera. X-ray yaing'ono ya dzino limodzi imathetsa mkangano umenewu bwino kuposa CBCT.

Zitsulo zochotseka ndiye zisamatigwetse n'komwe. Ndolo, mikanda ya m'khosi, magalasi ndi mano ochotsa okhala ndi mawaya aliyense amazikumbukira. Zomwe zimaiwalika ndi zathu za kuno: chipini cha pamphuno cha amayi, mapini ogwirira mpango kapena hijabu pansi pa chibwano, ndi tizitsulo ta m'mawigi. Chipini chili pamzere weniweni wa nsagwada ya m'mwamba. Mukamatumiza mayi kukajambulitsa, auzeni ali konkuno kuti adzafunika kuchotsa zimenezi, ndipo ngati angakonde kuthandizidwa ndi mzimayi mnzawo m'chipinda chojambulira, zilembedwe m'kalata. Munthu akadzidzimutsidwa nazo ali kale pa makina amachita manyazi, wojambula nayenso amachita ulemu, sikani n'kutuluka yowonongeka.

Makina ambiri ali ndi batani lochepetsera mikwingwirima ya zitsulo, la MAR. Limakongoletsa chithunzi, koma limatero posintha nambala. Sikani yomwe yadutsa mu MAR ndi yoyang'ana ndi maso, si yoyezapo.

Wodwala anagwedezeka

Chizindikiro chake ndi mizere iwiriiwiri m'mphepete mwa fupa ndi mano, ngati chithunzi chili ndi mthunzi wake. Makina amatenga masekondi angapo, ena mpaka 20 kapena kupitirira, ndipo kumeza malovu kamodzi n'kokwanira kusakaniza khoma la fupa ndi mnofu. Khoma limaoneka lochindikala koma lofooka. Agogo onjenjemera, ana, ndi munthu amene wafika ali wefuwefu atayenda ulendo wautali ndiwo amagwedezeka kwambiri. Akhale pansi apume kaye, amezeretu malovu, atseke maso kuti asatsate makina akamazungulira, ndipo musankhe sikani yaifupi ngakhale voxel ikule pang'ono. Agogo a ku Makanjira kapena ku Namwera omwe Chichewa amangochimva pang'ono, afotokozereni m'Chiyao kudzera kwa mdzukulu asanalowe. Kugwedeza mutu kovomera si umboni woti amva.

Nambala zikusuntha mwezi ndi mwezi

Gawo ili ndi la anzathu oyendetsa makinawa, ndi aliyense amene akulingalira zoika makina otere kunyanja kuno. Sensa yafulati imasintha khalidwe ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pomwe kuno kumapitirira madigiri 35, chipinda chopanda choziziritsa chimakhala china m'mawa, china masana, ndipo nambala zimatsata. Makina akangoyatsidwa amafuna nthawi yotenthera yomwe kampani inalemba m'buku lake. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, anthu ali pamzere, nthawi imeneyi ndi yomwe imadumphidwa. Magetsi okwera ndi kutsika amavutitsanso chubu cha X-ray, choncho stabilizer ndi UPS yokwana mphamvu ziwerengedwe pamtengo wa makina kuyambira pachiyambi.

Mukaona timizere tozungulira ngati mphete pamalo amodzimodzi mwa odwala osiyana, vuto lili pa sensa, ndipo pakufunika kukonzanso miyeso ya makina (calibration) kapena katswiri wa makinawo.

Njira yotsika mtengo yodziwira ngati makina akusuntha ndi madzi. Ngati makina anabwera ndi phantom yake, yomwe ndi chinthu choyesera makina chojambulidwa m'malo mwa munthu, gwiritsani ntchito imeneyo. Ngati palibe, chigubu chapulasitiki chozungulira chodzaza madzi, chomwechomwecho nthawi zonse, chimathandiza. Chijambuleni sabata iliyonse ndi makonzedwe amodzi, muyeze pakati ndi m'mbali zinayi, mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku ndi kutentha kwa chipinda. Simukufunafuna 0. Mukufuna kuona ngati za lero zikufanana ndi za mwezi watha. Ofufuza amaika m'chithunzi tizidutswa ta hydroxyapatite, mchere womwe umalimbitsa fupa, todziwika kulemera kwake kuti atembenuze nambala, ndipo zimathandizadi, koma pa makina amenewo okha, ndi FOV imeneyo, ndi malo amenewo.

Pomwe makina sakunama

Nthawi zina kusiyana kumakhala kwenikweni. Dzino likangozulidwa, dzenje lake limatenga miyezi kuti lidzaze ndi fupa lokhwima, ndiye sikani ya masabata ochepa pambuyo pozula idzaonetsa mdima. Funsani tsiku lozula musanaweruze. Mbali inayo, pamalo pomwe anathirapo fupa loikirira la ng'ombe pamayera mbee, nambala n'kukwera, koma timibulu timeneto sitinasanduke fupa lamoyo ayi.

Nambala yokwera si nthawi zonse imakhala nkhani yabwino. Fupa lolimba kwambiri, lomwe limapezeka kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi, lili ndi magazi ochepa ndipo limatentha msanga pobowola. Kutentha kwa madigiri 47 kwa mphindi imodzi n'kokwanira kulipha. Pamenepo pamafunika dirilo yakuthwa, madzi ambiri oziziritsa ndi kuleza mtima.

"Ndiye ndili ndi matenda ofooketsa mafupa?"

Funso ili limachokera kwambiri kwa amayi omwe anasiya kusamba, ndipo yankho lake silili mu CBCT. Matenda ofooketsa mafupawa, a osteoporosis, amayezedwa ndi sikani ina yotchedwa DXA pa chiuno ndi pa msana, yomwe imapereka nambala yotchedwa T-score. Malinga ndi muyeso wa WHO wa 1994, T-score ya −2.5 kapena kutsikirapo ndiwo matendawo, ndipo pakati pa −1 ndi −2.5 ndi kuchepa kwa fupa komwe sikunafike pa matenda. Palibe nambala ya nsagwada yomwe ingalowe m'malo mwa izi.

Komabe sikani yomwe ilipo kale ikhoza kukutsinani khutu, osati ndi nambala ya kuyera koma ndi maonekedwe. Yang'anani khoma la pansi la nsagwada ya m'munsi, kunsi kwa kabowo kotulukira mtsempha ka mental foramen. Kuyeza mamilimita ndi ntchito yomwe CBCT imaichita bwino kwambiri. Khoma likapyapyala kufika pa mamilimita 3 kapena kucheperapo, kapena mkati mwake likaoneka lodyekadyeka ndi timabowo, zomwe mu magulu a Klemetti a 1994 zimatchedwa C3, munthuyo ndi woyenera kukaonana ndi dokotala wa thupi lonse.

Mbiri ya wodwala imanena zambiri kuposa sikirini. Anasiya kusamba liti? Anathyokapo dzanja kapena chiuno atangogwa pang'ono? Amasuta fodya? Wakhala akumwa prednisolone nthawi yaitali? Jakisoni wolera wa Depo amachepetsa fupa pa nthawi yomwe mayi akubayitsa, ndipo tenofovir, yemwe ali mu ma ARV a 13A omwe ambiri akumwa, nayenso amalichepetsako. Apa samalani pakamwa. Mawu amodzi olankhulidwa mosasamala pampando wa mano akhoza kumusiyitsa munthu mankhwala omwe akumusunga ndi moyo. Ntchito yathu ndi kulemba kalata yopita kwa omwe amamupatsa mankhwalawo, osati kumuopseza. Funsaninso ngati anamwapo alendronate kapena kubayidwa mankhwala ena olimbitsa mafupa, makamaka omwe anabwera nawo kuchokera kunja, chifukwa amenewa amatha kuchititsa kuti fupa la nsagwada life pambuyo pozula kapena kubowola.

Kujambulanso kapena ayi

Ine ndimati ayi, pokhapokha chithunzi chawonongeka moti simungaone pomwe padutsa mtsempha kapena kuyeza kutalika kwa fupa. Sikani ya CBCT imapereka cheza chochuluka kangapo, nthawi zina kambirimbiri, kuposa X-ray yaing'ono ya dzino limodzi. Malangizo a ku Ulaya a SEDENTEXCT a 2012 amatsindika kuti sikani iliyonse ikhale ndi chifukwa chomveka chopindulira wodwalayo, ndipo kuno kwathu nkhani za cheza zimayang'aniridwa ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority (AERA) pansi pa lamulo la Atomic Energy Act la 2011. Kufuna nambala yokongola si chifukwa chomveka. Onjezanipo ndalama ya thiransipoti yodutsa pa Liwonde ndi Zomba, chakudya cha pa njira, ndi tsiku lomwe msodzi kapena mayi wa geni wataya.

Magulu ena ogawa fupa, a Lekholm ndi Zarb a 1985, sanafune nambala n'komwe. Amayang'ana kuchindikala kwa khoma ndi kuthithikana kwa ukonde wa mkati, kuyambira mtundu woyamba womwe uli pafupifupi khoma lokhalokha, mpaka wachinayi wa khoma lopyapyala ndi ukonde wapatalipatali, womwe umapezeka kwambiri kumbuyo kwa nsagwada ya m'mwamba. Izi CBCT imazionetsa bwino, ndipo n'zomwe muyenera kulemba mu fayilo. Ngati mukufunabe kulemba nambala, lembani kuti gray value, kutanthauza mulingo wa kuyera ndi kuda, pamodzi ndi dzina la makina, kV, FOV ndi voxel, kuti mnzanu wodzawerenga asadzaitenge ngati HU.

Chigamulo chomaliza chimachitika tsiku la opaleshoni. Dirilo yoyamba ikalowa, dzanja limamva ngati fupa likukana kapena likungolola. Likakhala lofewa, bowo lisakulitsidwe mpaka dirilo yomaliza, kuti implant ilowe mothina. Mphamvu yomangira implant, yoyezedwa mu Ncm, ikafika cha m'ma 35, ambiri amaitenga kuti yagwira bwino. Omwe ali ndi kachipangizo koyezera ISQ, nambala yoonetsa kugwira kwa implant m'fupa, amadziwa kuti kupitirira 70 n'kolimba, ndipo kutsika pansi pa 60 n'kofunika kudikira. Zikatsika choncho, tsekani nkhama pamwamba pa implant, muonjezere miyezi yopolera, ndipo wodwala akhale atauzidwa kale musanayambe kuti dzino lenilenilo likhoza kuchedwa, kuti akonzeretu za ulendo wake wobwerera ku Joni.